Kodi Mawanga a Dzuwa Ndiwo Amabweretsa Chisanu?

Anzanga, belu lisanalire taimani kaye pano. Nkhani yanga ndi ya dzuwa ndi chisanu. Mwina munamvapo anthu akunena kuti nyengo yasokonekera chifukwa dzuwa "lakwiya", kapena kuti posachedwapa dzuwa "ligona" ndipo dziko lonse lizizira mpaka madzi kuundana. Ena amafika ponena kuti ngati zili choncho, kudula mitengo ndi kutentha tchire kulibe mlandu, wolakwa ndi dzuwa. Mawu amenewa ndi ovuta chifukwa muli kachoonadi pang'ono mkati mwake. Bodza lokhalokha sitivutika nalo. Lovuta ndi bodza losakanikirana ndi choonadi, ngati mchenga mumpunga.

Zimene ndikufuna muchoke nazo pano ndi izi. Dzuwa limasinthadi, ndipo akatswiri ena apeza zizindikiro zoti kusinthako kumakhudza nyengo yachisanu m'maiko a kumpoto kwa dziko, monga ku Ulaya. Koma silichita zimenezi ngati munthu wochotsa nkhuni pamoto kuti nyumba yonse izizire. Limangokankha mphepo pang'ono, mphepoyo n'kusamutsa kuzizira kuchoka dera lina kupita dera lina. Ndifotokoza mmene zimachitikira, kenako tione ngati zikutikhudza ife kuno.

Chisanu chenichenicho chimachokera kuti?

Tiyambe ndi zimene timaphunzira mu Jogalafe. Dziko lathuli limazungulira dzuwa litapendekeka ndi madigiri 23.5. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mbali yathu ya kummwera imakhala itapendekera kutali ndi dzuwa. Kuwala kumatifika chopingasa, usana umafupika, ndiye kumazizira. Nthawi yomweyo ku Ulaya kumakhala kukutentha. Chisanu chawo chimabwera mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ife tili m'dzinja tikupalira ndi kubandira. Choncho ndikamanena za nyengo yachisanu ya ku Ulaya, muziganiza za miyezi imeneyo.

Pali ena amati mu Julaye kumazizira chifukwa dziko limatalikira dzuwa. N'zoona kuti kumayambiriro kwa Julaye timakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, pamene mu Januwale timakhala pa makilomita 147 miliyoni. Koma nanga bwanji ku London mu Januwale momwemo kumagwa chipale chofewa, dziko lili pafupi ndi dzuwa? Yankho ndi kupendekeka kuja basi. Ndiye funso lathu si lakuti chisanu chimabwera chifukwa chiyani. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani chaka china chisanu chimaluma koopsa, chaka china n'kungodutsa mofatsa?

Dzuwa lili ndi mawanga

Ife tikaliona timangoti ndi mbale yowala. Koma poyang'ana ndi zida zoyenera, pankhope pake pamaoneka mawanga akuda ngati a nkhanga. Galileo wa ku Italy ndi anzake anayamba kuwaona ndi telesikopu cha m'ma 1610. Mawanga amenewa ndi malo amene mphamvu ya maginito ya dzuwa yakolana kwambiri mpaka kutsekereza kutentha kochokera mkati. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma pa wanga pamakhala cha m'ma 3,500 mpaka 4,000, ndiye pamaoneka ngati pakuda poyerekeza ndi pozungulira pake. Mawanga ena ndi aakulu kuposa dziko lathu lonse lino.

Chonde, wina asatuluke pano kukayang'ana dzuwa ndi maso kuti aone mawangawo. Ngakhale ndi magalasi akuda a pamsika kapena chibade cha botolo, maso amapsa ndipo nthawi zina sachira.

Munthu wina wa ku Germany, Heinrich Schwabe, anakhala akuwerenga mawangawa tsiku lililonse kunja kukayera, kwa zaka 17. Mu 1843 ananena zimene anapeza: mawanga amachuluka, kenako n'kuchepa, n'kudzachulukanso. Lero tikudziwa kuti ulendo umodzi wotere umatenga zaka pafupifupi 11. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu. Akatswiri amawerenga maulendowa kuyambira 1755. Ulendo wa nambala 25 unayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 a bungwe la NASA analengeza kuti dzuwa lafika pachimake pa ulendowu.

Chodabwitsa n'chakuti mawanga akachuluka, dzuwa silizirala, limawala kuposa kale pang'ono. Izi zili choncho chifukwa mawangawo amabwera limodzi ndi timadera towala kwambiri. Ndiye kumbukirani: mawanga ambiri ndiye kuti dzuwa lili pa changu, mawanga ochepa ndiye kuti dzuwa lili phee.

Zaka 70 dzuwa lili phee

Kuyambira 1645 mpaka 1715, mawanga anasowa pafupifupi kotheratu. Nthawi imeneyi imatchedwa Maunder Minimum, pokumbukira Walter Maunder ndi mkazi wake Annie, amene anafufuza zolemba zakale za mawanga ku England. Dzinali analitchukitsa ndi John Eddy wa ku America mu 1976.

Mkati mwa zaka zomwezo ku Ulaya kunagwa chisanu chosaiwalika. Mu 1683 kulowa 1684, mtsinje wa Thames mu mzinda wa London unaundana kwa miyezi pafupifupi iwiri. Anthu anamanga tizisakasa pamwamba pa mtsinje, n'kumagulitsa malonda ndi kuotcha nyama, ngati kuti ndi tsiku lamsika. Taganizani msika wonse wa pa Lunzu utakhala pamwamba pa Shire! Ku England anayamba kulemba za kutentha ndi kuzizira mwezi ndi mwezi kuyambira 1659, ndipo m'kaundula ameneyu chisanu cha 1683 mpaka 1684 ndicho chozizira kuposa zonse.

Apa munthu akhoza kuwomba m'manja kuti nkhani yatha: mawanga anasowa, mtsinje unaundana. Koma dikirani. Patangopita zaka ziwiri, chisanu cha 1685 mpaka 1686 chinali chimodzi mwa zofunda kwambiri m'kaundula yemweyo, mawanga ali osowabe. Komanso msika womaliza wa pamwamba pa Thames unachitika mu 1814, patapita zaka pafupifupi 100 mawanga atabwerera. Chinathandiza kuti mtsinjewo uziundana chinali mlatho wakale wa London Bridge, umene unali ndi mizati yambiri yothinana yochedwetsa madzi. Atamanga mlatho watsopano mu 1831 n'kugwetsa wakalewo, madzi anayamba kuthamanga, ndipo pakati pa mzindawo mtsinje sunaundanenso chotero.

Palinso mapiri ophulika moto. Phiri la Tambora ku Indonesia litaphulika mu 1815, utsi ndi fumbi lake zinatchinga dzuwa, mwakuti chaka cha 1816 ku Ulaya ndi ku America mbewu zinafa ndi kuzizira m'miyezi imene kumayenera kutentha. Ndiye mukuona kuti ozizitsa nyengo alipo angapo. Mutu umodzi susenza denga.

Dzanja limodzi m'thumba la chimanga

Kuyambira 1978, masatelayiti akhala akuyeza mphamvu yonse yochokera ku dzuwa ali kunja kwa mpweya wa dziko. Apeza kuti pakati pa nthawi ya mawanga ambiri ndi ya mawanga ochepa, mphamvuyo imasiyana ndi 0.1 peresenti yokha. Kuti timvetse, titenge thumba la chimanga la makilogalamu 50. Gawo la 0.1 peresenti ndi magalamu 50, chimanga chongodzadza m'dzanja. Mutatapa dzanja limodzi m'thumba, kodi kuchigayo angazindikire? Kusintha kochepa chonchi sikungaunditse mtsinje pakokha.

Koma kuwala kwa dzuwa kuli mitundumitundu. Pali mtundu wina wosaoneka ndi maso wotchedwa UV, umene umapsereza khungu. N'chifukwa chake anzathu achialubino amafunika zipewa ndi mafuta oteteza khungu. UV ndi gawo laling'ono la kuwala konse, koma amasintha kwambiri kuposa mitundu ina: mbali ina ya UV imakwera ndi kutsika ndi maperesenti angapo pa zaka 11 zija.

UV wambiri safika pansi pano. Amagwidwa ndi mpweya wa ozoni m'chigawo cha mlengalenga chotchedwa stratosphere, chimene chili pakati pa makilomita pafupifupi 10 ndi 50 kuchokera pansi. Ozoni akagwira UV amafunditsa mpweya wa kumwambako. Ndiye dzuwa likakhala pa changu, kumwamba kwa madera a pakati pa dziko kumafunda kuposa nthawi zonse. Likakhala phee, sikufunda kwenikweni. Apa ndi pamene nkhani ya mphepo imayambira.

Khola la mphepo yozizira

Kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku North Pole, nthawi yachisanu dzuwa silituluka kwa miyezi. Mpweya wa kumeneko umazizira koopsa. Chifukwa cha kusiyana kwa mpweya wozizirawu ndi wofunda wa pakati pa dziko, kumwamba kumabadwa chimphepo chimene chimazungulira dera lonselo kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Akatswiri amachitcha polar vortex. Ine ndimachiona ngati khola la ng'ombe. Ng'ombe zake ndi mpweya wozizira uja. Khola likakhala lolimba, ng'ombe zimagona mkati. Likafooka, zimathyola n'kukalowa m'minda ya eni.

Tsopano lumikizani ndi UV. Dzuwa likakhala pa changu, kusiyana kwa kutentha pakati pa madera awiriwa kumakula, chimphepo chija n'kulimba. Likakhala phee, kusiyanako kumachepa, chimphepo n'kufooka. Kusintha kumeneku kumayambira kumwamba kwambiri, kenako kumatsika pang'onopang'ono m'kati mwa nyengo yachisanu, mpaka kukakhudza mphepo za pansi zimene zimaomba pa nyanja ya Atlantic.

Pa nyanja imeneyo pali malo awiri ofunika. Cha ku Iceland mpweya umakhala wopepuka, cha ku zilumba za Azores umakhala wolemera. Kusiyana kwa malo awiriwa kukakula, mphepo ya kumadzulo imaomba mwamphamvu n'kubweretsa mpweya wofunda ndi mvula ku Britain, Norway ndi Germany. Kukachepa, mphepoyo imafooka n'kuyamba kukhotakhota, ndipo mpweya wozizira wochokera ku Arctic ndi ku Siberia umapeza njira. Kusinthasintha kumeneku kumatchedwa North Atlantic Oscillation.

Mu 2008 ndi 2009 dzuwa linali phee kwambiri, chaka chilichonse masiku oposa 250 popanda wanga ngakhale limodzi. Chisanu cha 2009 mpaka 2010 chinavuta ku Ulaya, ndipo Disembala wa 2010 anali wozizira kwambiri ku Britain pa zaka 100. Mu 2010 Mike Lockwood wa ku yunivesite ya Reading ndi anzake anayerekeza kaundula wa 1659 uja ndi mbiri ya dzuwa, n'kupeza kuti zisanu zoluma zimabwera kawirikawiri dzuwa likakhala phee. Mu 2011 Sarah Ineson ndi anzake a ku Met Office, nthambi yoona zanyengo ku Britain, anayesa pa kompyuta: atachepetsa UV, kumpoto kwa Ulaya ndi ku United States kunazizira, koma ku Canada ndi kummwera kwa Ulaya kunafunda.

Mfundo yomalizayi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Ng'ombe zikathawa m'khola sizichuluka, zimangosintha malo. Pamene a ku London ankanjenjemera, ku Canada kunali kofunda, mpaka pa masewera a Olympics a ku Vancouver mu Febuluwale 2010 anachita kututa chipale chofewa pa malole kukathira pa phiri lina lochitirapo mpikisano. Ndipo tikaphatikiza dziko lonse, 2010 chinali chimodzi mwa zaka zotentha kwambiri zimene zinalembedwapo kufikira nthawi imeneyo.

Njira yachiwiri: namondwe wa maginito

Dzuwa silitumiza kuwala kokha. Limauluzanso tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, usana ndi usiku. Nthawi zina, makamaka mawanga akachuluka, limaphulika n'kulavula chimtambo cha tinthu timeneti. Kuwala kumatenga mphindi 8 kufika kuno, koma chimtambochi chimatenga tsiku limodzi mpaka masiku atatu kapena kuposerapo.

Mwayi wathu ndi wakuti dziko nalonso ndi maginito wamkulu. Ndi mphamvu yomweyo imene imachititsa singano ya kampasi kuloza kumpoto. Mphamvuyi imatiphimba ngati chishango. Chimtambo chija chikagunda chishangochi, chimachigwedeza, ndipo kugwedezekako ndi kumene amati namondwe wa maginito. Zotsatira zake n'zodziwika bwino. Mu Seputembala 1859, Richard Carrington ataona kung'anima pa dzuwa, mawaya a telegalafu analusa mpaka ena kuthetheka moto. Pa 13 Malichi 1989, chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mumdima maola 9 magetsi atazima. Mu Meyi 2024 kunabwera namondwe wamkulu, ndipo kuwala kofiira kwa usiku kotchedwa aurora kunaoneka ngakhale ku South Africa. Ku Hermanus, m'dziko lomwelo, bungwe la SANSA lili ndi malo olondera dzuwa n'kumachenjeza a ndege ndi a magetsi.

Nanga izi zikukhudzana bwanji ndi chisanu? Chishango chija chili ndi makomo awiri, kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni. Tinthu tija timatsetserekera m'makomo amenewa n'kukagunda mpweya wa kumwamba kwambiri. Pogundanapo pamapangika mipweya ya nayitirojeni yosakanikirana ndi okosijeni, imene imadya ozoni. Kukakhala dzuwa, mipweya imeneyi imaphwanyika msanga. Koma nthawi yachisanu kumeneko ndi mdima wokhawokha, ndiye imakhalitsa, n'kumatsika pang'onopang'ono mkati mwa khola lija mpaka kukafika pa ozoni. Masatelayiti anaona zimenezi zikuchitika, makamaka pambuyo pa anamondwe a mu Okutobala 2003.

Ozoni akachepa, kutentha kwa kumwambako kumasintha, ndipo mphamvu ya chimphepo chija ikhoza kusintha. Mu 2009 Annika Seppälä, katswiri wa ku Finland, ndi anzake anayerekeza zaka za anamondwe ambiri ndi zaka za bata. Anapeza kuti nthawi yachisanu, madera ena a kufupi ndi nsonga za dziko amasiyana ndi madigiri angapo, kwina kufunda, kwina kuzizira. Onani kuti njira zonse ziwiri, ya UV ndi ya maginito, zikukathera pa khola limodzimodzi, ndiponso nthawi yachisanu. N'chifukwa chake ofufuza amalimbikira za chisanu osati za chilimwe.

Akatswiri sanagwirizane

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti nkhaniyi ikadali pa bwalo. Lesley Gray wa ku Oxford ndi anzake ananena mu 2013 kuti zotsatira za dzuwa pa Atlantic zimaonekera bwino patapita zaka zingapo, chifukwa nyanja imasunga kutentha. Koma mu 2019 Gabriel Chiodo ndi anzake analemba kuti mgwirizanowu umaoneka m'zaka za posachedwa zokha, ndipo ukhoza kungochitika mwangozi. Palinso chitsanzo chovuta: chisanu cha 1947 chinali chimodzi mwa zoopsa kwambiri ku Britain, mpaka malasha kusowa, koma chaka chimenecho dzuwa linali ndi mawanga ochuluka zedi.

Vuto lalikulu ndi kuchepa kwa zaka. Kuyambira 1978 mpaka lero padutsa maulendo a dzuwa anayi okha ndi kachidutswa. Kodi mungaweruze goloboyi poona masewera anayi? Komanso khola lija limagwedezedwa ndi zinthu zina zambiri: El Niño, mapiri ophulika, madzi oundana a ku Arctic, ndi mphepo zina za mu stratosphere momwemo. Chaka cha 2010 chija kunalinso El Niño.

Ine ndimazifanizira ndi bwalo la mpira lopendekeka pang'ono. Timu yogoletsa chotsetsereka imakhala ndi mwayi, koma sikuti imapambana tsiku lililonse. Dzuwa likhoza kupendeketsa bwalo. Osewera ndi ena.

Nyanja yathu inayesedwapo kale

Mwina mukuti zonsezi ndi za azungu. Ayi, maganizo amenewa anafikapo kwathu kuno zaka 100 zapitazo. Mu 1923 katswiri wa zanyengo wa ku Britain, C. E. P. Brooks, anaonetsa kuti madzi a nyanja ya Victoria ankakwera mawanga akachuluka, n'kutsika akachepa. Mu 1924 Frank Dixey, amene anali katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, analemba zofanana ndi zimenezi zokhudza nyanja yathu ya Malawi. Nthawi imeneyo nkhani ya nyanja inali yodetsa nkhawa. Cha m'ma 1915 madzi anatsika kwambiri mpaka Shire anatsekeka ndi mchenga ndi zomera, ndipo sanayendenso bwinobwino kufikira cha m'ma 1935.

Koma zaka zotsatira sizinamvere. Nyanja yathu inapitiriza kukwera kwa zaka pafupifupi 20, mawanga akuchuluka ndi kuchepa monga mwa nthawi zonse. Nayo Victoria inasiya kutsatira mawanga, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inakwera ndi mamita oposa awiri chifukwa cha mvula yambiri, mawanga ali pa ulendo wotsika.

Phunziro lake ndi ili: zinthu ziwiri zikayendera limodzi kanthawi, sindiye kuti china chikuyambitsa chinzake. Tambala amalira kenako kumacha, koma wotulutsa dzuwa si tambala. Kuti tikhulupirire, pamafunika zaka zambiri zoyeza komanso njira yomveka yosonyeza mmene chinthu china chimafikira pa chinzake. Nkhani ya UV ndi khola la mphepo ili ndi njira yomveka, n'chifukwa chake akatswiri sanaitaye. Imene ikuperewera ndi zaka.

Nanga chisanu chathu?

Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa Equator, kutali kwambiri ndi makomo aja. Kummwera kwenikweni, ku Antarctica, kulinso khola la mphepo, koma ndi lolimba kuposa la kumpoto ndipo silithyoka wambawamba. Kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julaye kumabwera ndi mphepo ya mwera yochokera kummwera chakummawa, imene asodzi a pa nyanja amaiopa. Mphepoyi ikatenga chinyezi ku nyanja ya Indian, imabweretsa chiperoni ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Dzina lakelo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Usiku wopanda mitambo, nthaka imataya kutentha msanga, ndipo m'malo okwera ngati Dedza ndi Nyika, kapena m'madambo, chisanu chimapsereza masamba a kudimba. Zonsezi zimamveka bwino popanda kutchula mawanga.

Chimene chimagwedeza nkhokwe zathu ndi nyanja zikuluzikulu. El Niño wa 2023 mpaka 2024 anadula mvula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chapitacho, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anasakaza chigawo cha kummwera. Choncho munthu akakuuzani kuti musinthe nthawi yobzala chifukwa cha mawanga a dzuwa, musamumvere. Mverani ulosi wa Nthambi Yoona Zanyengo pa wailesi, komanso alangizi a zaulimi.

Nanga aja amati dzuwa ndilo likutenthetsa dziko? Masatelayiti aja akusonyeza kuti kuyambira 1978 mphamvu ya dzuwa yangokwera ndi kutsika pa zaka 11, osawonjezekera. Koma dziko likunka litentherabe. Lipoti la bungwe la IPCC la 2021 linati zochita za anthu zatenthetsa dziko ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, pamene gawo la dzuwa ndi mapiri ophulika pamodzi silipitirira 0.1. Wolakwa wamkulu ndi utsi wa malasha, petulo ndi dizilo, makamaka wa maiko olemera, pamodzi ndi kutha kwa nkhalango. Ngakhale dzuwa litakhalanso phee ngati mu 1645, kafukufuku akusonyeza kuti lingachotseko kachigawo kochepa chabe ka digiri imodzi. Mitengo ya m'phiri mwathu ikatha, madzi osefukira sadzafunsa kuti mawanga alipo angati.

Tingachitepo chiyani pasukulu pano?

Schwabe analibe kompyuta. Kaundula wa ku England uja anayamba ndi anthu wamba olemba manambala m'mabuku mwawo, ndipo lero akatswiri akukangana pogwiritsa ntchito manambala omwewo. Ife tikufunika themomita imodzi, kope limodzi, ndi malo a mthunzi osasinthasintha. Tsiku lililonse asembule isanayambe, wina aziwerenga n'kulemba, mosinthana monga timachitira posesa. Tikhozanso kuika chitini choyezera mvula pabwalo. A Fomu 4 akamachoka azisiyira a Fomu 3, a Fomu 1 akabwera aziphunzitsidwa. Ulendo umodzi wa dzuwa ndi zaka 11, ndiye kuti amene adzaone ulendo wathunthu m'kopelo ndi ana amene panopa ali ku mkaka. Ofuna kuyamba nawo alembe maina pa pepala lili pansipa, tikapemphe themomita kwa aphunzitsi a Jogalafe Lachisanu.

Wanu wa Fomu 2